Wophunzira za chipatala akamadzilembera yekha mankhwala, mudzi umatengera

Chaka chilichonse, kuyambira pa 18 mpaka pa 24 Novembala, bungwe la WHO limakumbutsa mayiko za tizilombo toyambitsa matenda tomwe tasiya kumva mankhwala. Uthengawu umakonda kulunjika kwa odwala ndi ogulitsa mapiritsi m'misika. Gulu lomwe silitchulidwa kwenikweni ndi la achinyamata ophunzira unamwino ndi udotolo, omwe m'chigawo chino amaphunzira ku Instituto de Ciências de Saúde de Tete ndi ku UniZambeze.

Wophunzira amayamba kuloweza mayina a mankhwala asanazolowere kupima matenda. Mutu ukamuwawa usiku wokonzekera mayeso n'kumeza paracetamol, palibe mlandu waukulu. Vuto ndi pamene wagwidwa chimfine n'kugula amoxicillin, chonsecho chimfine chimayamba ndi vayirasi ndipo mankhwalawa sachigwira. Amamwa masiku awiri, akapezako bwino n'kusiya. Zifukwa zake n'zomveka: mzere wa kuchipatala ndi wautali, nthawi ndi yochepa, ndipo ena amachita manyazi kupimidwa ndi aphunzitsi awo omwe.

Zikanathera kusukulu konko, bwenzi nkhaniyi ili yaing'ono. Koma pa tchuthi mwanayo akafika kwawo ku Angónia, Tsangano kapena Macanga, anthu amayamba kale kumuitana kuti adotolo. M'dzinja, pomwe makasu ali kalikiliki kupalira chimanga ndipo misewu yadzaza matope, mayi amene mwana wake watentha thupi saona chifukwa chotayira tsiku lonse panjira pamene wodziwa mankhwala ali pakhomo. Chimene wophunzirayo amachita akadwala, ndicho mudzi umatengera.

Pa malungo ndi pomwe pali ngozi yeniyeni. Coartem, yemwe kutsidya ku Malawi amamutcha LA, munthu wamkulu amamwa mapiritsi 24, kawiri pa tsiku kwa masiku 3. Paketi imodzi ikagawidwa kwa anthu awiri, onse amatsala ndi tizilombo m'magazi, ndipo totsalato ndi tolimba. Komanso si kutentha thupi kulikonse komwe kuli malungo. Chibayo chimatha kubisala momwemo. Akuluakulu akukumbukira chloroquine, yemwe adafika polephera mpaka Malawi adamusiya mu 1993. Panopa ku Rwanda ndi ku Uganda kwapezeka kale tizilombo tochedwa kufa ndi artemisinin, yemwe Coartem amadalira.

Lamulo lilipo. Mu 2017 boma lidakhazikitsa lamulo nambala 12/2017, lomwe lidabweretsa ANARME, bungwe loyang'anira mankhwala. Koma oyendera ake sangakhale pa benchi iliyonse ya m'misika ya m'malire monga Calómuè ndi Zóbuè, kumene makapisozi amatha kugulitsidwa limodzilimodzi ngati maswiti. Masukulu a zaumoyo ndiwo ali ndi mpata woposa: kukonza njira yoti ophunzira azipimidwa msanga ndi mwachinsinsi. Kumudzi, a zaumoyo otchedwa APE amayenda ndi kachipangizo koyezera malungo ndi kadontho ka magazi, ndipo zotsatira zimatuluka m'mphindi pafupifupi 20.