Chipangizo Chikhale Chodziwa Chinenero cha Mwana

Ku Ekurhuleni, dera la mizinda ya kum'mawa kwa Johannesburg, kuli mabanja ambiri olankhula Chichewa ndi Chinyanja. Akale ankapitako pa Wenela ndi pa Theba kukakumba golide m'migodi ya ku Boksburg, Benoni ndi Springs. A masiku ano akukhala ku Tembisa, Katlehong, Daveyton ndi Germiston, ndipo akugwira ntchito m'mafakitale, m'mashopu ndi m'nyumba za anthu. Pakati pa ana awo pali osaona, osamva, ndi ena amene thupi siliwalola kugwira pensulo kapena kutulutsa mawu. Ana otere amafunika zipangizo zowathandiza pa maphunziro, koma nkhani ya zipangizozi ikamakambidwa, chinenero cha kunyumba kwa mwana sichitchulidwa n'komwe.

Pa malamulo pokha, South Africa inayala maziko abwino. Ndime 29 ya malamulo aakulu a dzikolo imapereka ufulu wa maphunziro oyambirira kwa munthu aliyense, mbadwa ndi mlendo yemwe. Mu 2001 boma linatulutsa White Paper 6, ndondomeko yoti ana aulumali asasalidwe pa maphunziro, ndipo mu 2014 linakhazikitsa SIAS, njira imene sukulu imatsata pofufuza vuto la mwana ndi kumupemphera thandizo ku ofesi ya maphunziro ya m'chigawo. Mu Disembala 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda linagamula kuti mwana asakanizidwe sukulu chifukwa chosowa zikalata. Ku Ekurhuleni komweko kuli sukulu zapadera, monga Ekurhuleni School for the Deaf ndi Ezibeleni ku Katlehong, komanso Muriel Brand ku Brakpan.

Komabe lamulo lolembedwa silifika lokha m'manja mwa mwana. Mu 2015 bungwe la SECTION27 linafufuza sukulu 22 za boma za ana osaona ndipo linapeza kuti ana ambiri analibe mabuku a Braille. Bungwe la Blind SA, lomwe likulu lake lili ku Alberton m'dera lomweli, linachita kukafika ku khoti loona za malamulo aakulu, ndipo mu Seputembala 2022 khotilo linagamula kuti lamulo la umwini wa mabuku la 1978 linkaphwanya ufulu wa osaona powaletsa kusandutsa mabuku kukhala Braille popanda chilolezo cha eni ake. Ngati mbadwa zinavutika chotere, mwana wa mlendo ali pa mzere wakumbuyo kwenikweni.

Vuto lalikulu ndi lakuti zipangizo zambiri zothandiza ana aulumali zimagwira ntchito ndi mawu, ndipo mawu ali ndi chinenero. Pulogalamu yowerengera osaona zimene zili pa kompyuta, monga NVDA imene ndi yaulere, imafuna liwu lodziwa katchulidwe ka chinenerocho. Liwu la Chingerezi likakumana ndi mawu akuti ng'ombe kapena mphwayi, chimene chimatuluka ndi phokoso losamveka. Chichewa chilinso ndi kukwera ndi kutsika kwa mawu kumene sikulembedwa: mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amalembedwa mofanana, ndipo khungu la pathupi ndi khungu la kusaona amasiyana potchula pokha. Bungwe la CSIR linapanga Qfrency, mawu a kompyuta a zinenero za m'dzikomo monga Chizulu ndi Chisutu. Chichewa chinalowa mu Google Translate mu 2014, koma kumasulira malemba ndi ntchito ina, ndipo kuwerengera mwana wosaona buku lonse ndi liwu lomveka bwino ndi inanso.

Mwana amene satha kulankhula amapatsidwa bolodi la zithunzi kapena tabuleti imene imatulutsa mawu akakhudza chithunzi. Ngati tabuletiyo imangodziwa Chingerezi, mwana angathe kuuza mphunzitsi kuti akumva kuwawa, koma agogo ake obwera kuchokera ku Dedza, ku Chipata kapena ku Angónia sangamumve. Nayenso mwana wosamva wa ku Katlehong amaphunzira chinenero chamanja cha South Africa, chimene chinavomerezedwa mu Julayi 2023 kukhala cha nambala 12 mwa zinenero za boma. Chimenechi n'chosiyana ndi chinenero chamanja cha ku Malawi kapena cha ku Zambia, kotero banja likabwerera kumudzi, mwanayo amayambiranso.

Ena anganene kuti mwana wokulira ku Gauteng adzalemba mayeso ndi kufuna ntchito m'Chingerezi, ndipo boma la South Africa silingakwanitse kupanga zipangizo za chinenero cha mlendo aliyense. Zimenezi n'zoona, ndipo palibe chifukwa chomanira mwana Chingerezi kapena Chizulu. Koma mwana amakhala kusukulu maola ochepa, ndipo nthawi yotsalayo ali ndi amayi ake. Chipangizo chimene sichigwira ntchito m'nyumba chimathera m'kabati, ndipo mwana amene sachigwiritsa ntchito kunyumba amachedwa kuchizolowera ngakhale m'kalasi. Komanso ngati boma la eni dziko silingapange zinthu za Chichewa, ndiye kuti ntchitoyo yatsalira eni chinenero.

Pali zinthu zimene zingatheke popanda ndalama zambiri. Makolo angathe kupempha sukulu kuti iyambe ndondomeko ya SIAS, ndipo asaope kutero chifukwa chosowa mapepala. Pamene akatswiri akukonza bolodi la zithunzi, kholo lipemphe kuti pansi pa chithunzi chilichonse palembedwe mawu a Chichewa pambali pa a Chingerezi, ndiponso kuti nsima, ndiwo ndi chitenje zikhalepo. Zipangizo zambiri zotsika mtengo zimalola kujambula liwu la munthu, choncho mchimwene kapena mchemwali wa mwanayo angathe kujambula mawuwo tsiku limodzi. Mipingo ndi magulu a maliro a Amalawi ku East Rand, amene amadziwa kale kusonkha ndalama zotumizira thupi kumudzi, angathenso kusonkha za mabatire a tizipangizo tothandiza kumva.

Ntchito yaikulu ili kwa odziwa chinenero. Liwu la kompyuta limapangidwa kuchokera ku mawu a anthu ojambulidwa kwa maola ambiri pamodzi ndi malemba ake, ndipo ntchito imeneyi ingagawidwe pakati pa olankhula a ku Lilongwe, Lusaka, Tete ndi Tembisa. Koleji ya Montfort ku Nguludi, imene yakhala ikuphunzitsa aphunzitsi a ana osaona ndi osamva kwa zaka zambiri, ingathandize pa za Braille ya Chichewa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mikangano ya Chichewa ndi Chinyanja isachedwetse ntchitoyi, pakuti mwana wa ku Katlehong amene akudikira liwu loti alankhulire ndi amayi ake akukula tsiku ndi tsiku.