Wophunzitsa luso asunge kope, wophunzira asungenso lake

Pamsika wa Tsangano Turn-off palibe amene amagula thumba la mbatatesi mwachimbulimbuli masiku ano. Galimoto isananyamuke ku Blantyre kapena ku Lilongwe, wopikula amakhala atayimba kale foni kufunsa mtengo wa lero, ndipo mlimi naye amakhala atamva kwa mnzake wa ku Lizulu momwe kabichi akuyendera. Ndalama zimadutsa pa Airtel Money kapena pa Mpamba, uthenga n'kulowa m'foni zonse ziwiri. Pa mbatatesi, tomato ndi anyezi, amalonda a m'boma la Ntcheu adazindikira kale kuti wodziwa zolondola ndiye amabwerera kwawo ndi phindu.

Koma pali katundu wina amene akugulitsidwabe mwachikalekale, ndipo katunduyo ndi luso. Telala wa pakhonde la sitolo pa Ntcheu boma amene walandira atsikana awiri kuti awaphunzitse kusoka, wowotcherera zitsulo wa pa Kampepuza, kalipentala wa ku Nsipe, mnyamata wakabaza amene akuphunzitsa mnzake njinga yamoto pabwalo la mpira, onsewa ndi amalonda. Amalandira ndalama n'kulonjeza kupereka kanthu. Vuto n'lakuti thumba la mbatatesi limaoneka ndi maso, pomwe luso silioneka. Mgwirizano wonse umakhala wapakamwa, ndipo pakatha miyezi inayi aliyense amakumbukira zomukomera. Mmisiri akuti fizi idatsala theka, makolo a mwana akuti adamaliza. Mwana akuti kolala ya shati sadaphunzitsidwe, mmisiri akuti adamuonetsa kawiri konse.

Pali bizinesi ina ya maphunziro imene kuiwala kotere kumapha munthu tsiku lomwelo. Iyi ndi ya sukulu zophunzitsa anthu kudumpha mu ndege ndi parachuti. M'Malawi muno ntchitoyi imadziwika ndi asilikali a Parachute Battalion ku Salima, koma ku South Africa ndi malonda ngati ena onse. Ku Carletonville, kumadzulo kwa Johannesburg, komanso kufupi ndi Cape Town kuli malo amene munthu wamba amalipira ndalama zake n'kuphunzira kudumpha, pansi pa malamulo a bungwe la Parachute Association of South Africa. Wogulitsa tomato sadzadumpha mu ndege, n'zoona, koma momwe sukuluzi zimasungira nkhani za ophunzira ndi zipangizo zawo ndi phunziro laulere kwa aliyense amene amadya ndalama ya kuphunzitsa ena.

Wophunzira amatuluka mu ndege ili pamtunda wa mamita oposa 3,000, ndipo asanatambasule parachuti amagwa pa liwiro la makilomita pafupifupi 200 pa ola. Asanakwere ndegeyo, dzina lake limayamba ladutsa mu ofesi. Pakompyuta pamaoneka ngati adalipira, gawo la maphunziro limene wafika, tsiku limene adadumpha komaliza, kulemera kwa thupi lake ndi nambala ya parachuti imene wapatsidwa. Ku America, parachuti yachiwiri, yodalira ikakanika yoyamba, imayenera kumasulidwa, kuunikidwa ndi kupindidwanso ndi mmisiri wovomerezeka pa masiku 180 alionse, ngakhale isanagwirepo ntchito, ndipo tsikulo limalembedwa pakakhadi kamene kamakhala m'chikwama momwemo. Bungwe la odumpha la kumeneko, United States Parachute Association, silimalola wophunzira kudumpha mphepo ikapitirira liwiro la makilomita pafupifupi 22 pa ola. Wophunzira amene watha masiku 30 osadumpha amayamba wabwerera m'manja mwa mphunzitsi, ndipo chiphaso choyamba sichiperekedwa munthu asanadumphe maulendo 25. Tsiku lapakakhadi likapitirira, wa mu ofesi samulemba munthuyo pamndandanda wa okwera ndege, kaya ndi mlamu wa mwini sukulu.

Mwini bizinesi amapindula nazo kuposa momwe ambiri angaganizire. Mafuta a ndege ndi okwera mtengo, choncho kudziwa msanga anthu amene abwere Loweruka kumathandiza kuti ndege isanyamuke ndi mipando yopanda anthu. Mphepo ikavuta, uthenga umodzi wapafoni umafikira ophunzira onse asanawononge ndalama ya ulendo. Wophunzira amene adalekera panjira amaonekera poyera, n'kumuyimbira foni kuti abwere adzamalize. Ndipo pakachitika ngozi, mwini sukulu sayamba kulumbira pali malemu agogo ake, amangotulutsa zolembedwa.

Komabe chachikulu pa zonsezi ndi kabuku kamene wophunzira amayenda nako m'thumba mwake. Akadumpha, mphunzitsi amalembamo zimene zayenda bwino ndi zimene zakanika, n'kusayina. Kabukuka ndi ka wophunzirayo, si ka sukulu. Akasamukira ku mzinda wina, mphunzitsi watsopano amakawerenga n'kudziwa poyambira. Sukulu ikatsekedwa, ndalama zimene adalipira siziwolera m'kabati ya wina.

Apa ndi pamene ophunzira ntchito zamanja a ku Ntcheu amaluzira. Mtsikana wa ku Bilira amene makolo ake agulitsa mbuzi ziwiri kuti akaphunzire kusoka amatha miyezi isanu pamakina, kenaka mmisiri wake wapeza mwayi wa ku Joni, wapita. Mtsikanayo akapita kwa telala wina, amauzidwa kuti ayambe pachiyambi ndi fizi yatsopano, chifukwa palibe chosonyeza kuti siketi ndi diresi adazidutsa kale. Palibe amene waba, koma mbuzi zapita.

Mankhwala ake ndi otsika mtengo kuposa ndowa ya tomato: makope awiri a chikuto cholimba, lina la mmisiri, lina la wophunzira. Tsamba loyamba likhale la mgwirizano, kunena fizi yonse, miyezi ya maphunziro, ntchito zimene wophunzira adzakhale akuzitha pomaliza, ndi amene azigula nsalu, ulusi, matabwa kapena ndodo zowotcherera. Funso la ogula zipangizoli lisapeputsidwe. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha idagwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo fizi imene idali yokwanira mu Okutobala idasanduka yoperewera pofika Khirisimasi. Mmisiri amene sadalembe kuti zipangizo ndi za ndani adatsala ndi njira ziwiri zokha, kudya mpamba wake kapena kukangana ndi makolo. Masamba otsatira akhale a malipiro ndi a maphunziro. Ndalama ikaperekedwa, ilembedwe m'makope onse awiri ndipo aliyense asayine m'kope la mnzake. Wophunzira akatha kuika zipi payekha, tsikulo lilembedwe. Akuluakulu adati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri, ndipo kope limodzi lokhala ndi mmisiri yekha ndi mboni ya mbali imodzi.

Foni ili ndi malo ake, koma isatamandidwe mopitirira. Kulipira fizi pa Mpamba kapena pa Airtel Money n'kwabwino pokhapokha ndalama zichoke pa nambala ya wolipira kupita pa nambala ya mmisiri, ndipo nambala ya chiphaso imene imabwera mu uthenga ikoperedwe m'kope. Ndalama yopatsira ejenti kuti atumize pa laini yake siisiya dzina la mwini wake. Mmisiri naye asakhulupirire uthenga woti ndalama zalowa asanaone yekha kuti ndalama za mu akaunti yake zakweradi, popeza mauthenga abodza otere ndiwo ndiwo za akamberembere. Foni imabedwa pamsika, imagwera m'madzi, imathima magetsi akazima masiku awiri. N'chifukwa chake wanzeru amalemba papepala, kenaka n'kujambula tsambalo ndi foni n'kulitumiza pa WhatsApp kwa kholo la wophunzira. Kope likanyowa chithunzi chilipo, foni ikasowa kope lilipo. Amene dzanja lake silizolowera cholembera atha kuuza mwana wasukulu kuti alembe, iye n'kudinda chala.

Amene akufunika kumvetsera kwambiri ndi akabaza, chifukwa ntchito yawo ndiyo ikufanana zedi ndi ya odumpha mu ndege: kulakwitsa kwa mmodzi kumathera kuchipatala kapena kumanda. Njinga zamoto zadzaza m'misika yonse ya mumsewu wa M1, kuyambira ku Lizulu, Mlangeni, Biriwiri mpaka ku Manjawira ndi Senzani, ndipo apolisi akhala akudandaula kuti oyendetsa ambiri alibe ziphaso. Kaphunziridwe kake n'kodziwika. Mnyamata amazungulira bwalo la mpira madzulo awiri, tsiku lachitatu wanyamula mayi wobereka mwana ndi thumba la chimanga, akupikisana ndi mathiraki a ku Beira. Sukulu ya parachuti siingalole zoterezi, chifukwa kumeneko munthu sapita gawo lachiwiri mphunzitsi asanasayine kuti loyamba walitha. Mwini njinga amene akuphunzitsa mnyamata angachite chimodzimodzi. Alembe tsiku limene mnyamatayo watha kuima mwadzidzidzi osagwa, tsiku limene wayenda ndi katundu wolemera kumbuyo, tsiku limene wayenda pamatope, ndipo asamupatse munthu woti anyamule mizere imeneyi isanadzaze. Msewu wa fumbi wa mu Ogasiti ndi msewu womwewo mu Januwale ndi misewu iwiri yosiyana.

Njinga nayo ikhale ndi tsamba lake ngati kakhadi ka parachuti kaja. Mwini njinga zitatu amene amangolandira ndalama ya tsiku madzulo kawirikawiri sadziwa kuti mabuleki a njinga iti adasinthidwa liti. Amadalira mawu a woyendetsa, ndipo woyendetsa amaopa kunena chifukwa tsiku la kugalaja ndi tsiku lopanda ndalama. Tsiku la oyilo, la tcheni, la matayala ndi la mabuleki likalembedwa, mwini njinga amadziwiratu mwezi umene afunike ndalama yokonzera n'kuyamba kusunga ku banki mkhonde. Amadziwanso njinga imene ikudya phindu la zinzake, yoyenera kugulitsidwa isanafe. Kope limeneli si laisensi. Laisensi imachokera ku nthambi ya boma yoona za pamsewu, imene imasunga oyendetsa ndi galimoto zawo pa makina a MalTIS, ndipo wakabaza aliyense ayenera kukafika kumeneko. Koma amene wadutsa magawo olembedwa amapita kukayesedwa atakonzeka, osati kukataya ndalama ya mayeso.

Amisiri ena sakondwera ndi nkhaniyi, ndipo zifukwa zawo si zopusa. Akuti cholembedwa ndi chingwe chodzimangira wekha, wophunzira waulesi adzachitengera kwa amfumu kapena kwa tcheyamani wa msika. Akutinso mwana ukamupatsa umboni woti watha ntchito, mawa atsegula shopu yake moyang'anana ndi yako. Mantha achiwiriwa ndi akale ngati umisiri womwe, ndipo ndi amene amachititsa amisiri ena kubisa kadulidwe ka jekete mpaka wophunzira atatopa. Koma wophunzira wotha ntchito adzatsegula shopu yake ndithu, kope lilipo kapena palibe. Kunena za kwa amfumu, kope lomwelo ndi limene lidzasonyeze kuti mwanayo adajomba masiku khumi ndi anayi mu Juni ndipo fizi ya Julayi sidabwere. Mmisiri woona amatetezedwa ndi zolembedwa kuposa wina aliyense. Amene zimamuwawa ndi uja amasandutsa wophunzira kukhala wotumidwa kukagula chipisi chaka chathunthu.

Kope la ophunzira lili ndi mayina, manambala a foni, nthawi zina manambala a zitupa za unzika ndi ngongole za anthu. Si loika pa gulu la WhatsApp pofuna kuchititsa manyazi kholo limene lachedwa kulipira. Dziko lino lili ndi lamulo la 2024 loteteza nkhani zokhudza munthu payekha, ndipo ngakhale lamulolo likadapanda kukhalapo, msika wa Ntcheu ndi waung'ono: amene wanyozedwa lero ali ndi abale asanu amene sadzatumizanso ana awo pakhonde limenelo.

Kopeli lili ndi ntchito ina patsogolo. Bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa mu 1999, lili ndi ndondomeko yoyesa anthu amene adaphunzira ntchito kunja kwa sukulu n'kuwapatsa satifiketi pa zimene amazitha. Mnyamata amene wakhala zaka zitatu akuwotcherera mafelemu a zitseko pa Kampepuza akafika kumeneko ndi kope losayinidwa ndi mmisiri wake, kuphatikizapo zithunzi za ntchito zake m'foni, ali ndi poyambira kulankhula. Satifiketiyo ndi imene imafunsidwa kontirakitala akamalemba anthu omanga midadada ya sukulu kapena chipatala.

Miyezi yokolola ndiyo nthawi imene makolo ambiri a ku Tsangano ndi ku Lizulu amakhala ndi ndalama m'manja n'kuyamba kufunira ana awo pophunzirira ntchito. Asanapereke gawo loyamba la fizi, kholo lipemphe kuona kope la ophunzira amene adadutsa kale pamenepo, lione kuti adayamba angati, adamaliza angati ndipo zidawatengera miyezi ingati. Mmisiri akanena kuti zonse zili m'mutu mwake, kholo lifunse manambala a foni a ophunzira awiri akale, liwayimbire lisanamasule mpango wa ndalama.