Mitengo tiziiwerenga mu Okutobala, osati tsiku lodzala

Anzanga, chaka chilichonse kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo dziko lathu limakhala pa nyengo yodzala mitengo. Pa wailesi timangomva kuti bungwe lakuti ladzala mitengo yochuluka chakuti, kampani yakuti yapereka mamiliyoni akuti. Koma tikakweza maso, mapiri athu akadali adazi. Ndiye mitengo yonseyo imapita kuti? Ine ndikuona kuti ndalama zilipo, koma opereka ndalamazo safufuza kaye ngati ntchitoyo ili ndi mutu.

Kumudzi kwathu kunabwerapo bungwe lina, dzina sinditchula. Anafika ndi lole yodzadza mbande kumapeto kwa Malichi, mvula ikutsazika. Anagawa matisheti, amayi anavina, mabwana anajambulitsa atagwira keni, basi n'kukwera galimoto. Maenje ake anali ongogagada khasu kamodzi. Pofika Okutobala mbande zina zinali zitadyedwa ndi chiswe, zina ndi mbuzi, zotsalazo zinapsa ndi moto wa osaka mbewa. Lero pamalopo patsala chikwangwani chokha, ndipo sindikukayika kuti kumene anatenga ndalama anakanena kuti ntchito inayenda bwino.

N'chifukwa chake ndikuti aliyense wopereka ndalama, kaya ndi boma, kampani kapena anthu akunja, ayambe wafunsa mafunso anayi awa.

Loyamba: mtengo wanji, ndipo pamalo pati? Bulugamu amakula msanga n'kutipatsa mapolo, koma amamwa madzi kwambiri. Kumudzala pafupi ndi chitsime kapena dambo n'kudziputira mavuto. M'munda mumafunika msangu, umene umayoyola masamba nthawi ya dzinja, ndiye sutchinga dzuwa pa chimanga koma umawonjezera chonde. M'mbali mwa mtsinje mumayenera mbawa ndi nsungwi zogwira nthaka. Wopempha ndalama akalephera kuyankha funso limeneli, ngakhale ife a Fomu 2 tamuposa pa Agriculture.

Lachiwiri: malowo ndi a ndani, ndipo mitengo ikadzakula idzakhala ya ndani? Ngati amfumu ndi komiti ya m'mudzi yoona zachilengedwe, ija amati VNRMC, sanakhale pansi ndi anthu n'kugwirizana, palibe amene adzathamange ndi chitsamba kukazimitsa moto. Mukadzala pamalo pamene anthu amadyetserapo ziweto osawafunsa, musadabwe kupeza ng'ombe zili m'kati.

Lachitatu: adzasamalire ndani m'chilimwe? Kudzala ndi tsiku limodzi, koma kupalira, kutchingira mbuzi ndi kulambula njira zoteteza moto ndi ntchito ya zaka. Taonani nkhalango ya Chikangawa ku Viphya. Boma linadzala paini pa mahekitala pafupifupi 53,000, koma moto ndi kudula kosabwezeretsa zinawononga gawo lalikulu. Ngati nkhalango ya boma yokhala ndi alonda inavutika chonchi, nanga bwanji kamunda ka mitengo kopanda mwini?

Lachinayi: kodi pakufunikadi mbande? M'mapiri ambiri zitsa za mombo, tsamba ndi masuku zikadali zamoyo. Zimaphukira zokha, ndipo mizu yake inazama kale. Mukasankha mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, n'kuchotsa zinazo, n'kuteteza malowo ku moto ndi nkhwangwa, tchire limabwerera popanda machubu kapena lole. Njira imeneyi ndi yotchipa, kungoti ilibe mwambo wojambulitsa. Mwina n'chifukwa chake ena saikonda, eti?

Akayankha bwino, ndalama asapatsidwe zonse pakamodzi ayi. Gawo loyamba likhale la nazale ndi kudzala. Lotsalalo lidikire mpaka alangizi a zankhalango pamodzi ndi anthu a m'mudzi atawerenga mitengo imene yapulumuka dzuwa la Okutobala. Kunyumba timachita chimodzimodzi: waganyu sitimulipira zonse asanamalize ndime.

Ndikudziwa kuti ena munena kuti wopatsidwa sasankha, ndipo mafunso ambiri athawitsa otithandiza. Zoona, nthawi yatithera. Dziko lathu linalonjeza kubwezeretsa nkhalango ndi nthaka pa mahekitala 4.5 miliyoni pofika chaka cha 2030. Koma kuthamanga si kufika. Bungwe loona mtima silingaope mafunso anayi okha. Loopa mafunso ndi lija limangofuna alawansi. Komanso mbande zikauma sitingotaya ndalama zokha. Timataya chaka chathunthu, ndipo makolo athu amene anakumba maenje ulere amagwa ulesi, moti tsiku lina kukadzabwera ntchito yeniyeni adzangoti, "Aaa, zomwe zija."

Nkhaniyi si yamasewera. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atawomba, matope ndi miyala zinatsetsereka kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mu mzinda wa Blantyre. M'chigawo chakummwera munafa anthu mazanamazana, ena sanapezeke mpaka lero. Phiri lopanda mitengo siligwira madzi. Ifenso tikuziona: alongo athu akulawirira m'bandakucha kukafuna nkhuni kutali, n'kufika kuno mochedwa, geti atatseka kale.

Tiyambire pano pomwe. Ndikupempha a hedi ndi aphunzitsi oyang'anira kalabu ya Wildlife kuti kalasi iliyonse ikhale ndi mzere wake wa mitengo, n'kulemba m'kope chiwerengero cha imene yadzalidwa. Ikakwana Okutobala tikawerengenso, zotsatira zake tidzamate pa bolodi lomwe lino, aliyense aone. Ndipo kukadzabwera alendo ndi mbande, tidzawaombere m'manja ndithu, koma mmodzi wa ife adzakweze dzanja n'kufunsa mwaulemu kuti, "Pepani bwana, mudzabweranso liti kudzaiona?"

Wolemba: wophunzira wa Fomu 2