Mabala a Mumtima Nawonso Afunika Mankhwala



Mau oyamba

1. Tikukulemberani kalatayi titalingalira mozama za anzathu a m'minda ya tiyi ya m'boma la Thyolo amene ali ndi kachirombo ka HIV. Tikuyamika kuti mankhwala a ARV amaperekedwa ulere. Koma tili ndi nkhawa poona kuti ambiri amafika kuchipatala atasenza mabala a mumtima obwera ndi nkhanza, kugwiriridwa ndi imfa za abale, ndipo amabwerera kwao opanda wowafunsa. Munthu wosweka mtima amadumphitsa mankhwala, kachirombo kamachulukanso m'thupi, ndipo khama la zaka zambiri limapita pachabe.

Zimene Thyolo idatiphunzitsa

2. Bungwe la Médecins Sans Frontières lidayamba ntchito m'bomali mu 1997, ndipo mu 2003 lidayamba kupereka ma ARV mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo, chaka chimodzi boma lisanayambe kuwagawa ulere m'dziko lonse. Poti madokotala anali ochepa, ntchito idagawidwa kwa anamwino, alangizi a zaumoyo ndi anthu odzipereka a m'midzi. Mu 2012, potengera chitsanzo cha ku Tete, odwala adayamba kupanga magulu osinthana kukatengerana mankhwala. Phunziro lake ndi lakuti chithandizo chimapindula chikafika pafupi ndi anthu, kudzera mwa anthu amene iwo amawakhulupirira.

Zopinga zimene tikuziona

3. Choyamba ndi mantha. Mu 2021 kampani ya Camellia ya ku Britain, mwini wa Eastern Produce Malawi, idalola kulipira amayi 36 amene adadandaula kuti adachitidwa nkhanza zogonana m'minda ya tiyi, ngakhale sidavomere kulakwa. Nkhaniyi idaulula zimene ambiri amabisa. Mayi wolembedwa ntchito ya nyengo ya mvula yokha amadziwa kuti kulembedwanso kwake kuli m'manja mwa akapitawo. Ngati chipatala chimene amapitako ndi cha kampani, kodi angalankhule momasuka bwanji?

4. Chachiwiri ndi umphawi. Malipiro a wothyola tiyi amadalira kulemera kwa dengu lake pa sikelo. Tsiku lothera pa mzere wa kuchipatala ndi chakudya chochotsedwa pakamwa pa ana. Choncho amangotenga mankhwala nkuthamanga.

5. Chachitatu ndi kuchepa kwa malo ndi antchito. Namwino mmodzi wokhala ndi khamu pakhomo sangakhale pansi kumvetsera misozi ya munthu, ndipo kachipinda kotchinga ndi nsalu sikasunga chinsinsi. Akatswiri a matenda a maganizo ndi ochepa, ndipo chipatala chachikulu cha boma cha matendawa chili ku Zomba, dzina limene ambiri amaliopa kuti angatchedwe amisala.

6. Pamwamba pa izi, namondwe wa Freddy wa mu Marichi 2023 adapha anthu oposa 1,000 m'chigawo cha kumwera, ndi kusiya ambiri ndi chisoni chosatha. Kuimitsidwa kwa thandizo la dziko la America mu Januwale 2025 kudatikumbutsanso kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno: ntchito yodalira abwenzi akunja okha ilibe maziko.

Zotipatsa chiyembekezo

7. Njira zilipo. Ku Zimbabwe, ntchito ya Friendship Bench idaonetsa kuti agogo ophunzitsidwa bwino angathe kuthandiza ovutika maganizo pongokhala nawo pa benchi ndi kuwamvetsera, ndipo njirayi idayesedwa kale m'zipatala za HIV ku Lilongwe. Tilinso ndi malamulo: loteteza ku nkhanza za m'banja la 2006, la kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013, ndi la HIV ndi Edzi la 2018, limene limaletsa tsankho ndi kuulula za munthu popanda chilolezo chake. Chosowa ndi kuwatsata.

Pempho lathu

8. Tikupempha Unduna wa Zaumoyo ndi Khonsolo ya Thyolo kuti aike padera ndalama za uphungu mu bajeti yao, aphunzitse alangizi a zaumoyo ndi atsogoleri a magulu a odwala luso lomvetsera, ndiponso chipatala chilichonse chikhale ndi chipinda chotsekeka.

9. Tikupempha eni minda ya tiyi kuti asadule malipiro a wopita kuchipatala, ndipo mabuku a odwala asafike m'manja mwa mabwana.

10. Tikupempha apolisi, mafumu ndi mabungwe a antchito kuti milandu ya kugwiririra isathere m'mabwalo a m'midzi. Wogwiriridwa afike kuchipatala maola 72 asanathe, kuti alandire mankhwala oteteza ku kachirombo.

Mau otsiriza

11. Utsogoleri wabwino umaoneka ndi momwe umasamalira ofooka. Tiyi wa ku Thyolo amabweretsa ndalama zakunja m'dziko muno. Manja amene amamuthyola ayenera kulemekezedwa. Tikupempha aphungu ndi makhansala a m'bomali kuti pokambirana bajeti ikubwerayi afunse poyera kuti ndalama za uphungu zili pati, ndipo ife tonse tiwafunse yankho limene apatsidwa.