Mpando wa mpikisano ndi malonda, chitsulo chakumbuyo ndi mlandu

Ogulitsa zipangizo za galimoto ku Biwi mu Lilongwe ndi ku Ndirande mu Blantyre akumudziwa kasitomala wa mtundu uwu. Amakhala mnyamata amene wangolandira kumene Subaru Impreza, Toyota Altezza, Mazda RX-8 kapena Toyota 86 yochokera ku Japan, yodzera ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Marimu wasintha kale, ekizozi ikudzutsa anthu m'makwalala. Tsopano wabwera ndi chithunzi pafoni. Akufuna mipando iwiri yakuya ya m'galimoto zampikisano, malamba ofiira odutsa m'mapewa onse awiri, komanso chitsulo chopingasa kumbuyo kwa mipando chomangirirapo malambawo, chimene amachitcha harness bar.

Kasitomala wotere sanenerera kwambiri, ndipo ntchito yake imodzi imadyetsa anthu anayi: wooda mipando, wowotcherera, wosoka mipando ndi wamagetsi a galimoto. Masiku ano pamene ndalama yavuta, palibe amene angafune kubweza munthu wobwera ndi ndalama m'manja. Komabe wamalonda wochenjera ayenera kuigawa pawiri ntchitoyi. Ya mpando ailandire ndipo aigwire bwino. Ya chitsulo ndi malamba, ngati galimotoyo ndi yoyenda pamsewu wa aliyense, aikane.

Chifukwa chake chikuyambira pa lamba wamba uja amene anthu amamuderera. Lamba wodutsa paphewa limodzi ndi m'chiuno anamukonza ndi Nils Bohlin wa kampani ya Volvo, ndipo anayamba kuikidwa m'galimoto mu 1959. M'galimoto za masiku ano lambayu sagwira ntchito yekha. Amamasuka munthu akamasuntha pang'onopang'ono, amaluma galimoto ikagunda, ndipo m'galimoto zambiri muli kachipangizo komukoka mwadzidzidzi kuti athine, kenako n'kumutayako pang'ono kuti nthiti zisathyoke. Thupi limapita kutsogolo pamlingo woyezedwa n'kukakumana ndi airbag panthawi yake. Zonsezi anaziyesa kufakitale pogunditsa galimoto zenizeni. Wochotsa lambayu wachotsa chinthu choyesedwa.

Zida za mpikisano nazo ndi zoyesedwa, koma zimayendera limodzi ngati mafuwa. Pali mpando wosapindika, malamba omangidwa malo asanu kapena asanu ndi limodzi, khola lazitsulo lotchedwa roll cage loteteza denga kuti lisaphwanyikire munthu, chisoti, ndi chogwira khosi chotchedwa HANS. Chomalizachi chinafala chifukwa cha maliro. Pa 18 February 2001, katswiri woyendetsa galimoto zampikisano wa ku America, Dale Earnhardt, anamwalira pa mpikisano wa Daytona 500 atathyoka fupa la pansi pa chigaza. Chaka chomwecho bungwe la NASCAR linalamula kuti oyendetsa azivala chogwira mutu ndi khosi, ndipo Formula One inatsatira mu 2003. Malamba othina amagwira thupi kuti lisasunthe, koma mutu umapitirirabe ulendo, ndipo khosi ndi limene limalipira.

Ndiye taganizani mnyamata wa Altezza uja ali pa M1, wamangidwa njo ndi malamba a mpikisano, alibe chisoti, alibe chogwira khosi, alibe khola. Galimoto ikagubuduka, munthu wovala lamba wamba amatha kupendekera mkati denga likamatsika. Womangidwa m'mapewa onse awiri pampando wosapindika amakhala chilili, mutu wake ndiye mzati wa denga. Wina anganene kuti ndiye awotchereretu khola lonse. Nalo pamsewu lili ndi vuto lake, chifukwa mutu wopanda chisoti ukamenya paipi yachitsulo, ngozi yaing'ono imasanduka yaikulu.

Palinso anthu okhala kumbuyo, amene mwini galimoto amawaiwala akamaonetsa chithunzi chake. Altezza ndi Impreza zambiri ndi za zitseko zinayi. Loweruka zimanyamula anzake, Lamulungu zimanyamula ana kupita kutchalitchi. Chitsulo chopingasa chimadutsa pafupi ndi nkhope ya wokhala kumbuyo. Mabuleki adzidzidzi okha, chifukwa cha mbuzi kapena kabaza wodutsa mosayang'ana, ndi okwanira kuti mwana ataye mano.

Ngakhale kamangidwe ka malambawo kali ndi malamulo amene ambiri sawadziwa. Opanga malamba amalangiza kuti a m'mapewa azichoka paphewa kupita kumbuyo molunjika, kapena kutsika pang'ono chabe, osapitirira madigiri 20. Amene amawamangirira pansi kuseri kwa mpando, poti ndi pomwe papezeka bawuti, amakonza chinthu chimene chidzapanikiza msana kuchokera pamwamba galimoto ikagunda. Malamba otchipa omangidwa malo anayi okha, opanda wodutsa pakati pa miyendo, ali ndi vuto lina: a m'mapewa amakokera wa m'chiuno m'mwamba, iye n'kuchoka pa mafupa a chiuno kukafinya mimba, munthu n'kutsetserekera pansi pake. Kuwonjezera apo, malamba a mpikisano amateteza akathina zolimba. Wothinitsa choncho sangasuzumire pamphambano, sangafikire chikwama kuti aonetse laisensi pa rodibuloko. Pakatha sabata amayamba kuwavala olendewera, ndipo lamba wolendewera ndi woipa kuposa wamba amene anachotsedwa uja.

Kwa owotcherera, nkhani yagona pa chitsulo chenichenicho. Bungwe loyang'anira mipikisano ya galimoto padziko lonse la FIA, limene likulu lake lili ku Paris, limanena mtundu wa paipi yomangirirapo malamba: yachitsulo chopanda msoko, yosachepera mamilimita 38 kukula ndi 2.5 kuchindikala, kapena 40 ndi 2, ndipo ikhale mbali ya khola lonse. Pamalo atsopano omangapo lamba pamafunika chitsulo cholimbitsira chochindikala mamilimita atatu, chokula masikweya sentimita 40. Paipi imene imapezeka msanga m'mahadiweya ndi ya madzi kapena yopangira mageti ndi mabedi, yokhala ndi msoko m'litali mwake. Ikapakidwa penti yakuda imaoneka bwino kwambiri, moti palibe angaisiyanitse ndi yeniyeni. Koma munthu wolemera makilogalamu 80 galimoto ikaima mwadzidzidzi pogunda chinthu, amakoka malamba ndi mphamvu yoposa tani imodzi. Paipi ya geti imapindika, malamba n'kutayika, kapena imathyoka pamsoko n'kukhala mkondo m'galimoto momwemo.

Yankho limene limamveka kawirikawiri m'magalaja ndi lakuti, ndikakana ine apita kwa mnzanga pakhomo lachiwiri, ndalama n'kupita komweko. Zoona, ena adzapitadi. Ndipo ndi zoonanso kuti galimoto ndi yake, ndalama ndi zake. Koma malonda a m'galaja amayenda ndi mbiri. Anyamata a galimoto zoterezi amadziwana, ali m'magulu amodzi a WhatsApp, ndipo tsiku limene chitsulo chidzapweteke munthu, funso loyamba lidzakhala lakuti anawotcherera ndani. Phindu la tsiku limodzi silingalipire dzina limene lamangidwa zaka khumi, osanenapo za achibale a wovulalayo akadzafika ndi apolisi. Kukana nakonso kuli ndi kakanidwe kake. Palibe chifukwa chomunyoza kasitomala. Ndi nkhani yongomuuza kuti, achimwene, mipando tikuikirani bwinobwino, koma lamba wanu wakale atsale, chitsulocho ndi cha galimoto yokhala ndi khola ndi chisoti. Ambiri chimene akufuna ndi maonekedwe ndi mpando wogwira thupi pokhota, ndipo zonsezi amazipeza popanda chitsulo.

Tsono mpandowo ndi umene uli ndi ndalama, ndipo ndi pomwenso pali chinyengo chambiri. Mayina amene makasitomala amatchula ndi Recaro ya ku Germany, Bride ya ku Japan, komanso Sparco ndi OMP za ku Italy. Mpando weniweni wa makampani amenewa umagulidwa madola mazana angapo umodzi, usanakwere sitima, usanadulidwe msonkho ku MRA, ndipo ena amapitirira madola 1,000. Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama imeneyi si yamasewera. Choncho munthu akabwera ndi mipando iwiri yatsopano yolembedwa Bride pamtengo wosafika ngakhale wa umodzi, nkhani yadziwika kale. Dzina losokedwa pansalu aliyense angalisoke, ngakhale telala wa pakhonde.

Mpando weniweni wa mpikisano umakhala ndi chizindikiro cha FIA m'mbali mwake, chosonyeza nambala ya muyeso, nambala ya chilolezo ndi nthawi yake. Wa muyeso wa 8855-1999 umaloledwa mumpikisano zaka zisanu, wa 8862-2009 zaka khumi. Malamba nawo amakhala ndi chaka chothera, zaka zisanu chipangidwireni. FIA imaika pa intaneti mndandanda wa mipando ndi malamba ovomerezeka, moti wooda angathe kufananiza nambala pafoni asanatumize ndalama. Auzenso womugulitsayo atumize chithunzi cha chizindikirocho, osati cha kutsogolo kwa mpando kokha. Mipando yopindika ya pamsewu, imene kwenikweni ndi yoyenera makasitomala ambiri, sikhala ndi chizindikiro cha mpikisanochi, choncho pamenepo chofunika ndi kuoda kwa wogulitsa wodziwika ndi kusunga risiti yake.

Apa pali mpata umene ambiri sanauone. Mpando ukatha zaka zake zisanu, ochita mpikisano ku South Africa, ku Britain ndi ku Japan amaugulitsa motsika chifukwa sauloledwanso pabwalo, ngakhale uli wabwinobwino. Ndi kaunjika ndithu, koma kaunjika wa nambala wani. Mpando weniweni wakale, wopanda mng'alu ndiponso umene sunachitepo ngozi, ndi katundu wabwino kuposa watsopano wonamizira. Pougula, avundukule nsalu aone pamene pamalowa mabawuti ndi pamene msana umakumana ndi pokhalira. Pakaoneka mng'alu kapena pomatidwa, ausiye.

Amene asankhabe kugulitsa mipando yotengera, anene poyera kuti ndi yotengera ndipo alembe choncho parisiti. Kugulitsa chinthu chonamizira ngati chenicheni ndi nkhani imene kasitomala angakadandaule ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission. Kunena zoona, mpando wosadziwika kumene unapangidwa ndi woyenera kwambiri pa shopu ya magemu a pakanema kusiyana ndi m'galimoto yothamanga, ndipo kumenekonso msika ulipo.

Poika mpando, ntchito yaikulu ili pansi, pamene kasitomala sayang'ana. Zitsulo zogwira mpando zikhale zopangidwira galimoto imeneyo ndipo zimangidwe m'mabowo anayi a kufakitale, osati kuboola pena pamalata apansi. Mabawuti akhale olembedwa 8.8 kapena kuposa pamutu pake. Opanda nambala ndi a mipando ya m'nyumba. Choloweka lamba, chimene m'galimoto zambiri chimamangidwa pampando wakale, chisamutsidwe ndi bawuti yake yomwe n'kukhala pamalo olimba, ndipo lamba adutse bwino m'chiuno mwa munthu. Mipando ina yakuya kwambiri imanyamula lamba m'mbali mwake osakhudza thupi. Wotero sukwanira galimoto ya pamsewu, ngakhale ukongole bwanji.

Wamagetsi asadule waya aliyense asanachotse batire ndi kudikira kanthawi. Mapulagi achikasu pansi pa mpando ndi a airbag. Galimoto ngati Toyota 86, imene inatuluka mu 2012, ili ndi airbag ya m'mbali mkati mwa mpando momwemo, ndipo mpando ukachoka nayonso yapita. Getsi lochenjeza limayaka pa dashibodi, ndiye ena amalowetsa karezisita kuti lizime. Getsi limazimadi, koma airbag siibwerera. Kasitomala auzidwe zimenezi asanalipire, ndipo zilembedwe. Auzidwenso kuti adziwitse kampani yake ya inshuwalansi za kusinthaku, komanso kuti akakumbukire kuti galimotoyo idzapitabe ku Road Traffic kukayezedwa kuti ipeze COF. Lamba wa kufakitale akakhalapo ndipo akugwira ntchito, mafunso amachepa.

Potsiriza pali mipando yakale yochotsedwa ija, imene anyamata ambiri amangoisiya pagalaja ngati zinyalala. Imeneyo ndi katundu. Wamalonda angathe kuigula pochotsera pamtengo wa ntchito, chifukwa eni galimoto zamtundu womwewo zong'ambika mipando amaifuna. Angathenso kumusungira mwini wake pamtengo wogwirizana, poti tsiku logulitsa galimotoyo likadzafika, wogula wa banja adzafuna mipando yake yeniyeni, ndipo ntchito yoibwezeretsa idzabweranso pakhomo lomwelo. Isungidwe pouma, yokutidwa ndi pulasitiki, mapulagi ake osadulidwa, ndipo nambala ya galimoto ilembedwe pansi pake.