Chitakale ikufunika holo, osati chimphona cha ku Lilongwe

Nyumba zikuluzikulu za misonkhano, zoyimba ndi masewero zomwe boma lamanga zaka zapitazi zili ndi khalidwe limodzi: zimamera ku Lilongwe, ndipo zimamera alendo akanena kuti akubwera. Bingu International Convention Centre, yomangidwa ndi ngongole ya ku China, anaithamangitsa kuti ilandire atsogoleri a African Union mu 2012. Msonkhanowo unakachitikira ku Addis Ababa boma la mayi Joyce Banda litakana kulandira Omar al-Bashir wa ku Sudan. Griffin Saenda Indoor Sports Complex nayo inamangidwa mwaphuma chifukwa cha masewero a achinyamata a Region 5 mu 2022.

Nanga eni dzikofe? Mvula ya ku Mulanje siodira. Kodi woyimba akafika pa Chitakale mu Januwale, khamu la anthu lingakhale pati osavumbwa? Gule wa tchopa analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2014, phiri la Mulanje linatsatira mu 2025, koma ovina tchopa amaoneka bwino pabwalo la pa Chonde mu Okutobala, dzinja likafika ng'oma nkukalowa m'nyumba.

Komatu tisapemphe chimphona. Boma litatenga French Cultural Centre ku Blantyre mu 2011, akuba anaikungudza, ndipo inakhala zaka zambiri ili bwinja. Ngati likulu la zisudzo mumzinda waukulu linatikanika kusamala, ya mipando zikwizikwi tingaithe?

Chomwe khonsolo ya Mulanje iyenera kuika mu bajeti ndi holo yapakatikati, yomangidwa pamtunda, ya denga lolimba, madzi ndi zimbudzi zokwanira. Loweruka ukwati kapena zoyimba, pakati pa sabata msonkhano wa alimi a tiyi. Ndipo tisaiwale Malichi 2023: namondwe wa Freddy atagumula nyumba, anthu anakagona m'makalasi, ana nkuleka sukulu. Holo yotere ikanasunga ena mwa mabanja amenewo.

Nkhani yatsala ndi ya kiyi. Inu amene munathawa kwanu kuno nthawi ya chipani chimodzi mukudziwa kuti kusonkhana kunali kwa okhawo ovomerezedwa. Kiyi asakhale m'thumba la phungu kapena tcheyamani wa chipani. Mtengo wobwereka ulembedwe pachitseko, wolipira apatsidwe lisiti, ndipo amene wayamba kulembetsa tsiku ndiye alowe, kaya ndi kwaya ya mpingo, kaya ndi otsutsa boma.