Kuwala Kofukula Mabwinja

Ife amene tinakula tikuona oyeza malo akulambula mizere m'chire, akukoka unyolo ndi kuzika miyala ya malire, sitinalote kuti nchito ya miyezi idzatha m'masiku owerengeka. Lero ndege iuluka itanyamula makina ochedwa LiDAR, amene aponya pansi timivi ta kuwala kwa laser, zikwizikwi pa sekondi imodzi. Popeza kuwala kuthamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, nthawi imene kamuvi katenga kupita ndi kubwerera iulula mtunda wa pamene kagunda. Tina tigunda masamba, koma tina tipyola m'mipata ndi kufika panthaka. Kenaka kompyuta icotsa mitengo pa cithunzi, ndipo nthaka itsala poyera: zitunda, zigwa, ngakhale mpanda wogumuka.

Taonani zimene zinacitika ku South Africa. Pa mapiri a Suikerbosrand, kum'mwera kwa Johannesburg, anthu anadziwa kale kuti m'chire muli mabwinja, koma anayesa ndi timidzi tobalalika. Mu 2018 Profesa Karim Sadr wa pa yunivesite ya Witwatersrand, atapenda zithunzi za LiDAR, analengeza kuti unali mzinda waukulu wa Atswana, wotalika makilomita pafupifupi 10, wa makomo mazanamazana ndi makola a ng'ombe omangidwa ndi miyala. Lero auchula Kweneng. Unasanduka bwinja m'nkhondo za Mfecane, zomwe zija zinathamangitsa Zwangendaba ndi Angoni ake mpaka kuoloka Zambezi mu 1835.

Nkhaniyi si yaing'ono. M'nthawi ya tsankho, ana a sukulu kumeneko anaphunzitsidwa kuti azungu anapeza dziko lopanda eni, ndipo bodzalo linakhala cifukwa colandira anthu malo. Tsopano miyala yomwe yaima mboni.

Komabe, abale, kuwala kuyeza mpanda, sikuchula dzina la amene anaumanga. Ndege ingaone citunda, koma siinganene kuti pamenepo pagona agogo a yani, kapena kuti munda wa mai wamasiye ulekezera pa mkuyu uti. Zimenezo zili m'mitu ya nkhalamba zathu, ndipo zikutha ndi maliro aliwonse. Tisadikire ndege. Tikhale nao pansi madzulo ano, tiwafunse za mabwinja, manda ndi malire a kwathu, ndipo ana alembe m'kope. Paja mau a akulu akoma akagonera.